Kompyuta Yovala Neti

Aubrey Manda atatsika basi pa Chintheche ndi katoni yaikulu paphewa, anthu anayesa wabweretsa firiji. Zaka zimene anakhala ku Kepitauni zinali zitamusintha kayendedwe. Ankaponda mosamala ngati mchenga wa ku Bandawe ungamudyere nsapato. Atafika kunyumba anaika katoni ija pakati pabwalo n'kudikira kuti oyandikana nawo asonkhane kaye asanaitsegule. Mwana wa Manda sankadziwa kubisa chabwino chake.

Munali kompyuta, koma osati kompyuta wamba. Mbali imodzi inali yagalasi, ndipo ataiyatsa mafani ake anayamba kuzungulira uku akuwala mofiira, mobiriwira, kenako mofiira kachiwiri. Ana anakuwa. Amayi ake, NyaLongwe, anagwira pakamwa.

Mwini wake wa mphatsoyo, Lusizi, mlongo wake wamng'ono wa Aubrey, anagwada n'kuthokoza monga mwa ulemu. Koma maso ake anali pa mabowo olowera mpweya, ndipo mtima wake sunakondwe kwenikweni.

Lusizi anaphunzira zamakompyuta ku Mzuzu, ndipo atabwerako anali ndi ganizo limodzi lokha. Anyamata a ku Chintheche ndi ku Kande ankakonda mpira wa pa kompyuta kuposa chakudya, ndipo iye ankadziwa kuulutsa mpira ngati anthu a pawailesi, kusakaniza Chitonga ndi Chichewa mpaka nkhalamba kuseka. Ankafuna kutsegula tchanelo pa intaneti, anyamata azisewera, iye aziulutsa. Pafoni anapempha achimwene ake kompyuta yamphamvu koma yosadzionetsera. Aubrey anamva mawu oti yamphamvu okhawo.

Komanso Aubrey sanabwerere kompyuta yokha. Anali atamupezera Lusizi ntchito yoluka tsitsi pa saluni ina ku Kepitauni, ndipo ankafuna kubwerera naye.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," anatero pamaso pa amayi awo. "Zamasewerazi uyese kamodzi, ndione. Ukaulutsa mpaka kumapeto osadukiza, ndikusiya. Zikakanika, tikwera basi limodzi."

NyaLongwe anavomera, ndipo Lusizi anavomeranso. Kuluka tsitsi ankadziwa, koma kuchoka kwawo sankafuna n'pang'ono pomwe.

Sabata yonseyo awiriwa anakangana pa chilichonse. Aubrey ankafuna pulogalamu yojambulira yolipira, imene anzake a ku Joni ankaitama chifukwa inkatulutsa moto ndi nyenyezi wina akagoletsa. Lusizi anasankha yaulere, yopepuka, ndipo anachepetsa kuwala kwa chithunzi dala chifukwa netiweki ya ku Bandawe imayenda ngati munthu wosenza mtolo wa chinangwa. Aubrey ankati agule kamera yaikulu. Lusizi anati kamera ya foni ikwana, bola maikolofoni akhale abwino, a waya, pakuti anthu amakhululukira chithunzi chosaoneka bwino koma mawu okhosomola sawakhululukira. Anabwereka batire ya sola kwa aphunzitsi ena oyandikana nawo, poti magetsi kumeneko amachoka osatsanzika. Zonsezi Aubrey anazimeza, movutikira ndithu.

Chimene sanathe kumeza ndi neti. Tsiku lina anapeza Lusizi atadula neti yakale ya udzudzu, atasoka pamakina a amayi awo kathumba, n'kuiveka kompyuta ija kuyambira pamwamba mpaka pansi. Magetsi amitundumitundu aja anali atawathimitsa.

"Iwe, kodi ndi mkwatibwi ameneyu?" anafunsa Aubrey. "Ndanyamula chinthu ichi kudutsa malire atatu kuti uchiveke sanza?"

"Achimwene, mwezi uno ndi wa nkhungu," anatero Lusizi mofatsa. "Zimakonda kuwala, ndipo mafaniwa amakoka mpweya."

Aubrey anaseka mpaka kugwira khoma. Anali atayiwala nkhungu, tizilombo tating'onoting'ono timene timatuluka m'nyanja tambirimbiri n'kuoneka ngati utsi wa moto wolusa. Munthu akakhalitsa kunja amakumbukira kondowole ndi nsomba ya batala, koma zokwiyitsa za kwawo amaziiwala msanga.

Loweruka masana kachipinda kamene kale kanali golosale ya malemu bambo awo kanadzaza. Oscar wa ku Kande ndi Tumbikani wa ku Chintheche, akatswiri awiri amene sankapatsana moni, anakhala pabenchi zowongolera zili m'manja. Kunja kunali mitambo, kukutentha, ndipo mawindo anali otsegula. Aubrey anali atauza Atonga onse a ku Joni amene ankawadziwa kuti aonere, ndipo anavala shati yoyera yoti mbee.

Lusizi anatuluka kukamangirira foni ya intaneti pamtengo wa mango, pamene netiweki inkagwira bwino. Pobwerera anapeza neti yachotsedwa, magetsi aja akuvina, ndipo kompyuta yasunthidwa kuti izioneka pa kamera. Aubrey anali atakhalira neti ija pampando, akumwetulira ngati palibe chachitika.

Lusizi anapsa mtima mpaka makutu kutentha. Koma sukangana ndi mkulu wako pamaso pa mudzi wonse. Anavala mahedifoni n'kuyamba.

Ndipo anaulutsa mpira mwana wa NyaLongwe! Oscar akaphonya, ankati mwina wa ku Kande anasiya miyendo m'bwato. Tumbikani akathamanga ndi mpira, mawu a Lusizi ankakwera naye limodzi mpaka anthu a pawindo kuyimirira ndi zala za kumapazi. M'mbali mwa sikirini mauthenga a oonera anayamba kutsika. Aubrey ankawawerenga mokweza, makamaka amene ankatchula magetsi.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, mphepo inatembenuka. Mphepo ya vuma inawomba kuchokera kunyanja, ndipo wina panja anakuwa kuti, "Nkhungu!"

Zinalowa pamawindo onse nthawi imodzi. Anthu anatseka pakamwa ndi nsalu. Oscar ankasewera diso limodzi lili chotsinzina. Koma zambiri zinalunjika pamene panali kuwala, n'kuunjikana pa galasi ndi pa mabowo a kompyuta. Phokoso la mafani linasintha, linayamba kulira ngati chigayo chimene chathiridwa chimanga chonyowa. Chithunzi chinayamba kuimaima.

Lusizi anaona chenjezo la kutentha likuphethira pakona ya sikirini, ndipo anaona basi ya ku Joni m'maganizo mwake. Akanasiya maikolofoni kuti akonze, kuulutsa kukanadukiza. Akanapitiriza osachita kanthu, kompyuta ikanazima yokha. Sanasiye kulankhula. Ndi dzanja limodzi anathimitsa magetsi amitundumitundu aja, ndipo mawu ake osasintha anati, "Kuno ku Bandawe kwabwera alendo osaitanidwa, koma musadandaule, achimwene anga a Aubrey ali pagolo!"

Anamuyang'ana kamodzi kokha.

Aubrey akanangokhala pampando paja, akanapambana mkanganowo osatuluka thukuta. Iye ankadziwa zimenezo, Lusizi ankadziwanso. Koma anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu, anasolola neti ija, n'kugwada pasimenti ndi thalauzi yake ya ku Kepitauni. Anapukuta nkhungu pamabowo ndi manja, kwinaku akuuzira ndi pakamwa, zina zikumulowa m'mphuno. Manja atalephera anagwiritsa ntchito mkono wa shati yoyera ija. Kenako anaiveka kompyuta neti yake, n'kukhala pomwepo akuikupiza ndi chivundikiro cha katoni.

Apo n'kuti NyaLongwe atalowa ndi lichero lonyowa, akulizunguza m'mwamba monga amachitira amayi onse a kunyanja nkhungu zikafika, pakuti ndiwo yobwera yokha siibwezedwa. Anadutsa kutsogolo kwa kamera osadziwa kuti dziko likuwaona.

Mauthenga anasefukira. Za magetsi panalibenso amene ankazitchula. "Nkhungu zenizeni!" analemba wina. "Ama, tisungireniko!" analemba mnzake. Wina wa ku Debeni anangolemba kuti akulira, ndipo sakudziwa chifukwa chake.

Pang'onopang'ono mafani anabwerera m'mawu awo akale, ndipo chithunzi chinasiya kuimaima. Tumbikani anagoletsa chakumapeto, Lusizi anakuwa "Chigoliii!" mpaka agalu a kwa aneba kuuwa, ndipo wezulo yomaliza inalira kuulutsa kusanaduke ngakhale kamodzi.

Lusizi anavula mahedifoni. Ananyada, ndipo sanafune kubisa. Chilichonse chimene anasankha chinali chitagwira ntchito yake, kuyambira pulogalamu yaulere ija mpaka sanza ya neti.

Aubrey anadzuka pasimenti paja. Shati inali yakuda bii, nsidze zodzaza nkhungu. Anapempha maikolofoni, ndipo Lusizi anazengereza pang'ono asanamupatse. Aubrey anaima patsogolo pa kamera mmene analirimo, osadzipukuta n'komwe, iye amene sankatuluka m'nyumba osayang'ana pagalasi.

"Anyamata a ku Kepitauni, mukundiona?" anatero. "Ntchito ya ku saluni ija, amene ali ndi m'bale wake woifuna andiimbire." Anaika dzanja paphewa la Lusizi, n'kumaliza pomutchula mlongo wake m'Chitonga, mawu atakwera kuti ndi a pawindo omwe amve: "Uyu ndi mzichi wangu."

Kenako anatembenukira kwa amayi ake n'kufunsa ngati nkhungu zija zingapse asananyamuke.