Msana wa Atanásio

Malume Felisberto anali akugawa makasu ndi majekete a malemu pamene Ercília anatuluka m'nyumba atavala malaya a kusukulu. Onse pabwalo anamuyang'anitsitsa. Bambo ake, Atanásio, anali ataikidwa dzana, ndipo abale anali asanamete n'komwe.

Pakati pa mudziwo ndi sukulu ya ku Tsangano pali kamtsinje kamene kamadzaza dzinja lonse. Anyamata savutika nako: amavula, kusenza zovala ndi mabuku pamutu, n'kuwoloka akuseka. Nanga namwali angavule pamaso pa anthu? N'chifukwa chake atsikana a tsidya lino amajomba mpaka aphunzitsi kuwafafaniza, kenaka anthu n'kumati ana aakazi alibe mitu.

Atanásio yekha ndiye anakana zimenezo. M'mawa uliwonse ankabereka mwana wake Ercília, wamkulu kale, n'kumuwolotsa, madzulo n'kukamutenganso. Amuna anzake ankamuseka kuti wasanduka bulu, amayi ankayang'ana kumbali ndi manyazi. Iye ankangopitiriza. Madzi ozizira a m'mapiri aja ndi amene anamupatsa chibayo chimene chinamutenga.

Tsopano Ercília anali atatha masiku ololedwa kujomba, ena pa matenda, ena pa maliro. Kujombanso lero, chaka chake cha décima, kalasi ya khumi, chikanathera pomwepo. Anawauza malume ake zimenezi maso ali pansi.

"Escola yakoyo yatidyera munthu," anatero Felisberto. "Ukufuna idyenso wina? Mlongo wako Kumbukani aphunzira m'malo mwa nonse. Iwe mbatata zikudikira kupalira."

Mawuwo anamupweteka Ercília kuposa maliro enieniwo, chifukwa nayenso ankaganiza chomwecho. Komabe ananyamula mabuku nanyamuka, osadziwa chimene akachite akafika.

Anapeza madzi ali ofiira, akuthamanga. Kumbukani ndi anzake anali kale kutsidya, akuvala. Ercília anangoima, akuyang'ana mwala wafulati umene ankapondapo kuti akwere pamsana pa bambo ake.

Kumbuyo kunamveka mapazi. Anali mayi ake, Virgínia, mzimayi wamfupi, wowonda ndi kulira, amene mwambo sunkamulola kutuluka pakhomo asanamete. Anali atavala jekete la mwamuna wawo, lomwe analanda pamulu wa Felisberto.

"Amayi, madziwa akufikani m'khosi. Bwererani."

"Ndinkawaletsa bambo ako tsiku lililonse," anatero Virgínia. "Sanandimvere. Nane usandiletse."

Anakwinya chitenje, natsikira m'madzi pafupi ndi mwala uja. Anawerama, nkhope atalozetsa kutsidya, nadzimenya kawiri paphewa lamanja, monga momwe Atanásio ankachitira.

Ercília anakwera. Msanawo unali waung'ono, ndipo unkanjenjemera.