Chigawo Chachiwiri cha Mzee Thadei

Ku Mbamba Bay ngakhale mwana woyamwa amadziwa kuti Mzee Thadei anamwetsa mapointi 83 m'masewero amodzi. Zinachitikira ku Dar es Salaam mu 1988, nthawi imene ankadyera mpira wa kikapu, uja kwina amati basiketibolo. Anali aatali moti m'basi ankawapatsa mipando iwiri, wina wa miyendo. Masiku awo otchuka analipo ambiri. Tsiku lina anasewera ali ndi malungo n'kumwetsa 50, tsiku lina nsapato inang'ambika n'kumaliza masewero phazi limodzi lili pamtunda. Koma tsiku la 83 ndilo linali ndi chinsinsi.

Chigawo choyamba ankachifotokoza mpira ndi mpira, mapointi onse 41. Akafika pamene woyimbira analiza wezulo yopumira, ankayang'ana kumwamba n'kunena kuti mvula ikubwera, ngakhale mu Okutobala. Palibe ankadziwa mmene mapointi 42 otsalawo analowera. Palibenso ankadziwa chifukwa chimene timu inawachotsera m'mawa mwake, n'kutulukira kuno ndi mtsikana wina dzina lake Bibiana, amene anakhala mkazi wawo, ndi kachitini kokiya ndi loko.

Chaka chilichonse anyamata a m'tauni ankabwereza masewerowo pabwalo la kuseri kwa msika. Kikapu chimodzi chinali limu ya njinga yokhomedwa pamtengo wa mango, china chinali kumbali ya nyanja, chovekedwa chidutswa cha ukonde wa usipa. Ndipo Mzee anali ataika lamulo: wofuna mwana wawo Paskalia avale juzi yawo yakale, asewere chigawo chachiwiri monga anachisewerera iwo.

Goodluck, mphunzitsi wa ku Mbaha, anayesa n'kumwetsa 30. Mzee anapukusa mutu. Denis, wonyamula katundu padoko la Ndumbi, anamwetsa 42 yeniyeni, anthu mpaka kumunyamula m'mwamba. Mzee anangomuvula juzi ija n'kumuuza kuti apereke moni kwawo.

Chaka chino inali nthawi ya Isaya, telala wochokera kutsidya, ku Nkhata Bay. Isaya anali wamfupi, ndipo chinthu chachikulu chimene anachilowetsapo pabowo m'moyo mwake chinali ulusi. Anamukonda Paskalia kuyambira tsiku limene anabwera kudzapinditsa diresi. Anaipinda mokhota dala kuti mtsikanayo abwerenso. Anabweranso kasanu, ndipo ulendo wachisanu sanatenge n'komwe diresi.

Kutatsala tsiku limodzi, Isaya anapita kukawona Mzee, amene anali pakhonde miyendo itafika pabwalo.

"Shikamoo, Mzee," anapereka moni waulemu wa Chiswahili.

"Marahaba. Ndiwe telala uja? Imirira ndikuone."

"Ndaimirira kale, bambo."

Mzee anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bibiana, bweretsa juzi ija. Mwina aivala ngati mkanjo wa wansembe."

Juzi inamufika m'mawondo. Isaya anafunsa ngati angamuuzeko pang'ono chabe za chigawo chachiwiri.

"Mvula ikubwera," anatero Mzee. Kumwamba kunali mbee.

Potuluka anapeza Paskalia akutembenuza usipa pathandala.

"Kachitini kaja sunakatsegulepo?" anafunsa monong'ona.

"Kiyi bambo amamangirira m'chiuno, amasamba nayo. Amayi ndinawafunsa, anangoseka mpaka kutsamwa." Paskalia anamupatsa kausipa kamodzi ngati duwa. "Ukalephera mawa, bambo anena kuti chaka chamawa ayesa katekisiti wa ku Chiwanda. Ali ndi zaka 60, Isaya. Usandichite zimenezo."

Tsiku lamasewero msika unatseka dzuwa lili pamutu. Mzee anakhala pampando wawo pakati, kachitini pamwendo, Mayi Bibiana pambali. Paskalia anakhala pansi pa mango ndi ambulera yachikasu, ndipo timu ya Isaya inayamba kumwetsera komweko.

Chigawo choyamba chinali chosavuta, chifukwa aliyense ankachidziwa pamtima. Adani ankagwa pamene anzawo anagwera chaka chatha. Isaya akaponya mpira n'kuphonya, Gaudensi, wogulitsa chipisi amene ankayimbira, ankaliza wezulo n'kunena kuti m'mbiri unalowa, ndipo unkawerengedwa. Kawiri anzake anachita kumunyamula m'khwapa. Anafika pa 41 asanamwetse ndi umodzi womwe. Sizinamudetse nkhawa, popeza kuponya kulikonse kunkamufikitsa pafupi ndi ambulera yachikasu.

Kenako wezulo yopumira inalira, ndipo matimu anasinthana mbali monga mwa lamulo.

"Apa mbiri yathera," anatero Gaudensi. "Kuyambira pano, m'bale wanga, uli wekha ndi Mulungu wako."

Isaya anayang'ana kikapu chake chatsopano. Pansi pake panali mbuzi ikudya katoni, kuseri kwake madzi okhaokha mpaka ku Malawi. Patsogolo pake panaima Denis wa ku Ndumbi, kaputeni wa adani, wotambalala ngati chitseko cha nyumba yosungira katundu. Mpira utafika m'manja mwake, Isaya anati angocheuka kamodzi, aone ngati Paskalia akuyang'ana. Anali akuyang'ana. Anali atapendeketsa ambulera, chibwano chili padzanja.

Miyendo sinamufunse. Inangonyamuka ulendo wa kumango. Kumeneko kunalibe womutchinga, popeza chinali kikapu chimene timu yake yomwe inkayenera kuteteza. Anaima bwinobwino, anapenyetsetsa ngati akupisa ulusi pasingano, n'kuponya. Mpira unazungulira limu ya njinga kawiri n'kugwera mkati.

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete.

"Telala, kwanu n'kunyanja uko," anakuwa mayi wina wogulitsa vitumbuwa. "Kapena ukuopa kuti akuona kwanu?"

Apa mpamene Isaya anazindikira chimene wachita. M'maganizo mwake anaona katekisiti wa ku Chiwanda akuseka ndi mano ake atatu. Paskalia wapita, anaganiza choncho. Ndipo ngati wapita, mphindi zotsalazi azitayirenji poyang'anizana ndi mbuzi?

Mpira wotsatira anabwerera nawo kumango. Winanso chimodzimodzi. Anzake a timu yake anayamba kumuthamangitsa, adani n'kuyamba kumuteteza. Denis ankamupatsira mpira ndi manja awiri, mwaulemu, ngati akupereka mbale kwa apongozi. Gaudensi analiza wezulo mpaka kanjere ka mkati kanathawa. Isaya ankaphonya yambiri, koma ina inkalowa, ndipo uliwonse ukalowa ankayang'ana pansi pa ambulera. Paskalia poyamba anabisa nkhope. Kenako anayamba kumutolera mipira yophonyayo.

Nthawi itatha, timu ya Isaya inali itagonja mochititsa manyazi. Iye anavula juzi, anaipinda mwaukatswiri n'kukagwada pamaso pa Mzee. Mkuluyo sanailandire. Anali akumasula chingwe cha m'chiuno.

"Wakuuza ndani?" anafunsa.

"Za chiyani, bambo?"

"Bibiana, wamuuza ndiwe?"

"Ine ndimuuzirenji zamanyazi?" anayankha mayiwo, misozi ya kuseka ili m'masaya.

Loko anatseguka movutikira. M'kachitinimo munali chidutswa cha nyuzipepala chofiirira, ndipo Gaudensi anachiwerenga mokweza. Chinkasimba za kaputeni wina amene anamwetsa mapointi 42 m'chigawo chachiwiri osakhudza mpira ngakhale kamodzi, poti malamulo amati munthu akamwetsa kwawo, mapointiwo amalembedwa padzina la kaputeni wa adani. Kaputeniyo anapatsidwa chikho ndi wailesi.

"Bibiana anakhala pansi pa kikapu chimenecho, akugulitsa mtedza," anatero Mzee mosakweza mawu. "Oyimbira anandiuza kuti tisinthe mbali. Ndinawafunsa kuti nanga iyeyu asinthanso? Anati ayi. Basi."

"Ndiye 83 ija," anayamba motero Gaudensi.

"Yonse inalowa ndi manja angawa. Kikapu chinali chimodzi, ndiye vuto lili pati?"

Denis anakweza dzanja kufunsa ngati nayenso alandira wailesi.

Mzee anatembenukira kwa Isaya. "Koma waphonya kwambiri, mwana iwe. Ine sindinaphonye."

"Munaphonya katatu," anatero Mayi Bibiana. "Kamodzi munandimenya pamphumi, mtedza wonse pansi."

"Unali moni umenewo." Mzee anakankhira juzi m'manja mwa Isaya. "Kaichepetse, ndi yako. Uwauze akwanu awoloke, abwere tidzakambirane. Asankhe wamtali, ndisamachite kuwerama polankhula naye."

Isaya anailandira juzi ija ndi manja awiri. Anacheukira kumango. Paskalia anali akubwera, mpira uli m'khwapa, ndipo atafika anamufunditsa ambulera yachikasu ija, chifukwa mvula, mu Okutobala momwemo, inali itayamba kudontha.