Mlendo wa M'mimba

Alamu salowa m'nyumba ngati anthu ena. Amakankha chitseko ndi msana, n'kulowa chammbuyo maso ali kumsewu. Ndi achimwene awo a amuna anga. Anabwera kudzagona sabata imodzi, pano chaka chikutha.

Ine ndimagwira ntchito kushedi yotumbula nkhaka za m'nyanja, zilombo zonenepa zokwawa pansi pa madzi. Timazing'amba, kuziwiritsa, n'kuziyanika. Lachiwiri nditang'amba imodzi, munatuluka kansomba kowonda, koonekera mkati ngati galasi, n'kumaphiriphitha patebulo. Ndinakuwa.

"Ukuopa mlendo?" anaseka Mai Mpeni, amene akalambira pashedipo. "Kamalowera kumatako, kutsogoza mchira. Kena kamangogonamo. Kena kamadya mwininyumba pang'onopang'ono, kunja akuoneka bwinobwino."

"Nanga osatseka bwanji?"

"Atseke apumire kuti? Amapumira komweko. Iwenso umathamangira mpeni. Uziyamba waika nkhakazo m'ndowa, madzi osasintha. Mpweya ukatha, alendo amatuluka okha."

Nditaweruka ndinapeza mwana wanga wamkazi, wa zaka khumi ndi zinayi, atakhala panja, akadali mu yunifolomu.

"Bwanji sunalowe?"

"Ndimadikira inu, amayi."

"Kusamba?"

"Loko ya kubafa yachotsedwa." Maso anali pansi. "Bambo aakulu."

Alamu anali pampando wa amuna anga, lokoyo ili patebulo pambali pa kapu ya tiyi.

"Imavuta, mlamu," anatero akumwetulira. "Ndikonza mawa."

M'mawa wa tsikulo ndinali nditaitseka ndekha. Inalibe vuto.

Ndinakokera amuna anga kuchipinda.

"Achoke lero."

"Tsitsa mawu, akumva. Anandilera amenewa. Ndiwapirikitse ngati galu?"

"Loko ija mwaiona?"

"Akonza mawa, sunamve?"

"Mwana wanu akuopa kulowa m'nyumba mwa bambo ake."

Anangokanda m'mutu n'kuyang'ana kudenga. Apo ndinadziwa kuti chitseko ichi sichidzatsekedwa.

Sindinakangane nawo. M'nyumba muno wophika ndine, wochapa ndine, wobweretsa chakudya ndine. Madzi abwino amene alamu amapuma ndine.

Ndinatsitsa chikwama pamwamba pa kabati. Ndinaikamo zovala za mwana, mabuku ake, nsapato zanga za kuntchito, ndi mapoto onse awiri.

"Mukupita kuti?" anafunsa amuna anga.

"Kwa Mai Mpeni kuli chipinda chokhala ndi loko. Alamu akatuluka, mudzatiitane."

"Nanga ife tidya chiyani?"

"Mufunse achimwene anu."

Ndinakoka zipi mpaka kumapeto.