A Merle Afunditsa Mileme

Zenera la kuchipinda kwathu lakhala likulowetsa mphepo chikwatirane. Amuna anga a Merle Hostetler ntchito yawo ndi yomata mipata m'nyumba za anthu kuti chisanu chisalowe, ndipo kuno kumapiri a Pennsylvania aliyense amawatama. Ine mkazi wa katswiriyo ndimagona nditavala masokosi awiriawiri.

Chifundo chawo chonse chinathera pa mileme. Kuseri kwa munda wathu wa maapozi kuli mgodi wakale, momwe mileme imagona nyengo yonse yachisanu osadya kanthu. Kale inkadzaza denga lonse. Kenako kunabwera chuku choyera chomera pamphuno ndi pamapiko, chimene chimaidzutsadzutsa mpaka mafuta a m'thupi kutha, kunja kulibe ndi udzudzu womwe. Inatsala kagulu kochepa, ndipo a Merle ankakakonda kuposa adzukulu awo.

Tsiku lina chisanu chisanayambe anabwera kuchokera kumgodiko ali wefuwefu.

"Lorna, pamwamba pa mgodi pali bowo, mphepo ikuchita kuimba mluzu! Odwala n'kumagona pamphepo?"

"Kalanga ine, amuna anga," ndinatero. "Ndiye kuti m'dziko muno muli zolengedwa zogona pamphepo?"

Mawuwo anangowadutsa. Anakweza matabwa ndi thovu lawo lomatira m'galimoto. Ndinati ayambe afunsa a Wanda, mayi woona za nyama zakutchire amene amadzayendera milemeyo chaka chilichonse.

"Za mphepo ine ndikafunse munthu? Ine amene?"

Bowolo analimata, ndipo nyengo yonseyo ankadzitama kutchalitchi ndi kusitolo kuti ana awo a mumgodi aja akugona mofunda.

A Wanda anabwera chisanu chikupita kumapeto. Pakhomo pa mgodi, chipale chofewa choyeracho chinali mbwee timitembo takuda ngati masamba ofota. Mayiwo analowa, ndipo anatuluka magalasi awo atachita nthunzi.

"Ndani watseka bowo lija?"

"Ndine, mayi," anatero a Merle, koma mawu atayamba kuchepa. "Ulere."

"Bambo Hostetler, buledi mumasunga kuti kuti asachite chuku?"

"Mufiriji."

"Basitu. Mphepo ija ndiyo inali firiji ya milemeyi. Chuku chimakonda pofunda ndi ponyowa. Bulangeti lanu mwafunditsa matenda."

Ndinali nditanola kale mawu okoma oti ndiwapatse, koma ndinawameza. Amuna anga anali atagwada pachipale, kamleme kouma kali m'dzanja lawo lalikululo, akukapukuta mphuno ndi chala. Zinandipweteka kwambiri, sindinama.

"Yatha yonse?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Yatsala pang'ono. Thabwa limodzi simunalimate bwino, ndiye mphepo ikulowabe pakona. Yamoyo yonse yaunjikana pomwepo."

Katswiri wathu uja anapulumutsa mileme ndi malo okhawo amene anagwira ntchito yosalongosoka. Masana omwewo anakwera phiri ndi chitsulo chozulira misomali, nakanganula matabwa onse.

Atabwerako sanakhudze chakudya. Anaima pakhomo la kuchipinda nthawi yaitali, akuyang'ana katani ikugwedezeka ndi mphepo.

"Lorna, zenerali ndilimate mawa?"

"Lisiyeni, a Merle," ndinatero, ndikuwagwira dzanja lozizira lija. "Mwina ndi lomwe landisunga ndi moyo zaka zonsezi."