Wondiitana Kumbuyo pa Damu la a Mokbul

Ine za malodza si zanga ayi. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuyeza madzi m'madamu a nsomba kuno ku Trishal, ndipo amayi akamati munthu akakuitana kumbuyo ukunyamuka ulendo uyambe wakhala pansi, ndinkangoseka.

Kalata yopempha thandizo la ulendo wa ku Vietnam tinalemba awiri, ine ndi mnzanga wa kuntchito, Anisur. Ofufuza akumeneko ankafuna mgwirizano nafe pa chifukwa chimodzi: damu la mlimi wathu, a Mokbul, linali litatha zaka zitatu osathiramo mankhwala, nsomba osadwala. Anisur anali munthu wovuta kwabasi, wokubweza kudamu dzuwa likuswa mtengo chifukwa cha nambala imodzi yokayikitsa. Pomwe yankho limabwera loti matikiti apezeka, n'kuti Anisur atagona m'manda milungu iwiri. Mtima unangoima ali panjinga.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinadzera kudamuko kukatsazika. Inali nyengo yozizira, nkhungu ili tolo. A Mokbul anandipatsa tiyi ndi timikate ta mpunga, uku akundinyogodola kuti ndikabwerako ndi mwamuna wa ku Vietnam wodya ndi timitengo. Tinaseka, ndinatsazika, ndinayamba kuyenda m'mphepete mwa damu.

"Dilu."

Dzina langa ndi Dilruba. Wolidula chonchi anali munthu mmodzi yekha, Anisur. Ndinacheuka, koma kunali nkhungu ndi nthochi basi. A Mokbul nawonso anali atamva.

"Khalani pansi, achemwali," anatero motsitsa mawu. "Pang'ono pokha."

Ndinapsa mtima, ndinawauza kuti basi ya ku Dhaka sidikira mizimu. Koma ndinangopezeka ndili khale pa udzu wonyowa, pafupi penipeni ndi madzi. Pamenepo, kunsi kwa namasupuni, pomwe munthu woimirira sangaone, panali nsomba zitatu zikuyandama chopendama, m'nthiti muli zilonda zofiira.

Ndikuchita manyazi kunena, koma ndinakankhira namasupuni pamwamba pake ndi phazi. A Mokbul ndinawauza kuti tidzaona ndikabwerako, iwo anangondiyang'ana kukamwa kuli yasa. M'basi ndinadzinyengerera njira yonse kuti nsomba zitatu si mliri, kuti mgwirizano ukatheka alimi ambiri apindula, kuti mwayi wotere subwera kawiri.

Patapita masiku awiri ndinaimirira m'holo mumzinda wa Can Tho ku Vietnam, anthu atadzaza. Kumbuyo kwanga anaonetsa pakhoma chithunzi cha damu lija, pansi pake palembedwa kuti zaka zitatu popanda matenda. Ndinatsegula pakamwa.

"Dilu."

Pafupi, m'khutu mwenimweni, mwa kaitanidwe kake kaja akapeza nambala yolakwika. Sindinacheuke, ndinkadziwa kuti kumbuyoko kuli khoma lokha. Ndinakoka mpando n'kukhala pansi, anthu onse akundiyang'ana. Mayi womasulira anawerama n'kundifunsa ngati ndadwala.

"Auzeni kuti chithunzicho chikunama," ndinatero. "Nsomba zathu zayamba kufa. Ndaziona ndi maso angawa, ndipo ndinazibisa."

Mapepala a mgwirizano ndinabwerera nawo osasainidwa. Chichokereni tsiku limenelo Anisur sanandiitanenso. Ndikamadutsa pa damu la a Mokbul m'mawa wa nkhungu ndimayenda pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo, chifukwa ndamusowa.