Phazi la Telala

Bambo anga ndi telala, ndipo makina awo ndi akale aja opalasa ndi phazi. Ndiye bala la shuga litadetsa zala za phazi lawo lamanja, ndinadziwa kuti mwendo ukapita, ntchito yapitanso.

Atawagoneka m'chipatala, m'mawa mwake anthu a majasi oyera anazungulira bedi lawo, moti ine mwana wawo ndinkachita kusuzumira pamapewa a ophunzira. Dokotala wamkulu wa maopaleshoni, yemwe manesi ankamutcha Chikwanje kumbali, anati mwendo udulidwe m'munsi mwa bondo. Onse anagwedeza mitu ngati abuluzi. Ndinapsa mtima: chigulu chonsechi, pakamwa pamodzi?

Chikwanje naye sanasangalale.

"Mukandivomereza nonse chonchi, ine ndimachita mantha," anatero.

Anatulutsa chigulucho n'kutsala ndi anayi: nesi wa mabala, dokotala wa shuga, wa zamankhwala ndi mayi wa mafizo. Anakoka katani, anakhala pakampando kanga, n'kuwauza kuti aliyense anene pomwe iye walakwitsa.

Apa ndiye panatentha. Nesi anati balalo amatsuka ndi iyeyo, ndipo chidendene chikadali chamoyo, magazi akufika. Dokotala wa shuga anamudula pakamwa, akuti kudikira n'kusewera ndi moyo wa munthu. Wa zamankhwala anati alipo mankhwala amphamvu, koma azipereka mosamala chifukwa impso za bambo n'zotopa. Mayi wa mafizo anagwada n'kufunsa bambo kuti makinawo amapalasa ndi mbali iti ya phazi.

"Chidendene ndi pakatipa, mayi. Zalazi zimangokwera nawo ulere."

Anakangana mpaka ndinaopa kuti agwirana pakhosi. Pomaliza anagwirizana kuti achotsa zala zokha, koma bala likapitirira, mwendo upita. Bambo anavomera. Kunena zoona anthu amenewa ndinawagomera, makamaka Chikwanje, munthu wamkulu wochita kupempha kuti amutsutse. Atachotsa zalazo, tsiku lililonse anayi aja ankabwera, kuyang'ana phazi, n'kuyambiranso mkangano wawo.

Tsiku lotuluka, bambo anapempha jasi la Chikwanje. Akuti thumba lake long'ambika linkawapweteka m'maso nthawi yonse yomwe anagona pabedi paja. Analibweza titabwera kudzaonetsa bala, atapola. Chikwanje analitembenuza, akusisita msoko, n'kuthokoza.

"Muuonetsetse msokowo, adokotala," anatero bambo. "Si wa pamanja umenewo. Ndasokera pamakina."