Njere Zitatu za Tsabola

Mayi Rabecca, namwino wokhala ku Peckham, kutsidya kwa nyanja, atagula fulati mu 2004 anagwada m'khitchini n'kuimba nyimbo yoyamika mpaka ndime yomaliza. Patapita zaka ziwiri, akufunafuna pasipoti m'sutikesi, anapeza chikalata cha nyumbayo n'kuchiwerenga modekha. Makoma anali awo, koma nthaka inali ya munthu wina. Lendi ya nthakayo inali kanjere kamodzi ka tsabola wakuda pachaka, kwa zaka 999.

Zaka ziwiri akugona pa nthaka ya mwini osapereka kanthu, chonsecho Lamlungu kunali Mgonero. Akanayandikira bwanji gome la Ambuye ali ndi ngongole?

Anagula paketi ya tsabola, nawerengera njere 999 m'mbale kuti athane nazo kamodzi. Bambo Oswald, mkulu wa mpingo, atamva anapukusa mutu. Anati kulipiriratu zaka zonsezo kunali ngati kuuza Ambuye kuti asafulumire kubweranso. Atapemphera anagwirizana pa njere zitatu, ziwiri za m'mbuyo, imodzi ya chaka chimenecho.

Lachisanu masana Mayi Rabecca anakwera basi mpaka ku Greenwich, ku ofesi yoyang'anira malowo. Kalaliki wake, bambo wadazi dzina lake Paterson, anafotokoza mwaulemu kuti palibe amene amapereka tsabolayo. Ndi mwambo wa maloya chabe, ndipo ngongole imayamba pokhapokha mwini malo akapempha.

"Ndiye pemphani, bambo," anatero Mayi Rabecca.

Paterson anaimbira abwana ake, abwanawo anaimbira loya, loya anaseka n'kudula foni. Mayi Rabecca anakhala pampando, navula nsapato, nayamba kung'ung'udza nyimbo ya Mgonero. Anauza Paterson kuti asadandaule, ku wodi amaima maola khumi ndi awiri, kudikira sikuwavuta.

Nthawi yoweruka itayandikira, Paterson anatenga pepala n'kulemba kuti mwini malo akupempha tsabola wake. Mayi Rabecca anaimirira, namasula kampango kamene anamangamo njere zija, nazipereka ndi manja awiri.

Kompyuta inalibe polemba tsabola, ndipo sefa inali ya ndalama zokha. Paterson anayang'ana uku ndi uku, mayi aja ali chiimire kudikira kuti aone kuti zalandiridwadi. Pomaliza Paterson anaziponya m'kamwa n'kutafuna. Maso ake anadzaza misozi.

"Musachite manyazi, mwana wanga, chisomo chimatero," anatero Mayi Rabecca, namugwira paphewa n'kumupempherera. Atanena Ameni anapempha lisiti.